Akachoka wosewera wamkulu, musatiyese ana

Amene tinakula tikutamba Generations timakumbukira 2014. Mu August chaka chimenecho osewera 16 anachotsedwa ntchito atanyanyala pofuna malipiro abwino. Pagululo panali Menzi Ngubane, amene tinkamudziwa ngati Sibusiso Dlomo, ndi Sophie Ndaba, Queen Moroka wathu. Mfundi Vundla, mwini sewerolo, sanafune munthu wina woti avale suti ya Sibusiso. Anaimitsa sewerolo, ndipo pa 1 December linabwerera ndi dzina lakuti Generations: The Legacy, nkhani italumpha zaka 20.

Njira zochitira zimenezi zilipo zingapo. Ena amapha munthuyo m'nkhani, monga anachitira a Two and a Half Men mu 2011 atachotsa Charlie Sheen n'kubweretsa Ashton Kutcher ngati munthu watsopano. Ena amangosintha nkhope dzina n'kukhala lomwelo. Mu 1993 Aunt Viv wa The Fresh Prince of Bel-Air anasanduka Daphne Maxwell Reid m'malo mwa Janet Hubert, banja lonse n'kupitiriza kudya chakudya ngati palibe chachitika. A Doctor Who anachenjera mu 1966. William Hartnell atadwala, analemba m'nkhani kuti Doctor amatha kusintha thupi, ndipo Patrick Troughton analowa anthu akudziwa chifukwa chake.

Ine maganizo anga ndi akuti njira yoipitsitsa ndi yosintha nkhope mwakachetechete. Ndinaziona ndekha pa wailesi pamene ndimathandiza kuno ku Chongwe. Mnzathu amene ankayendetsa pulogalamu ya madzulo anapeza ntchito ku Lusaka, ine n'kuikidwa pampando wake. Ndinayesa kukamba ngati iye, nthabwala zake, ngakhale moni wake. Mayi wina wachikulire anaimba foni n'kufunsa pa mphepo kuti, "Mwanawe, uja mwamupeleka kuti?" Tsiku lotsatira ndinafotokoza kuti wapita kukagwira ntchito, ndinatchula dzina langa, ndipo ndinayamba kukamba mmene ndimakambira ine. Mafoni odandaula anatha.

Kumudzi timazidziwa kale izi. Mfumu ikamwalira, wina amalowa dzina, koma salowa usiku. Anthu amasonkhana, amamuona, amauzidwa kuti kuyambira lero uyu ndiye uja. Palibe amene amanamizidwa kuti maliro sanachitike. Woonera TV nayenso afunika ulemu umenewo, chifukwa wathera madzulo ambiri ndi munthuyo, nthawi zina atathamangira kwa aneba malaiti atapita.

Manje masewero athu akukula. Kuchokera mu 2018 Zuba ndi Mpali pa Zambezi Magic zatisonyeza kuti tingakhale pansi kutamba nkhani zathu m'zilankhulo zathu. Tangoganizani mawa mutatsegula Mpali n'kupeza a Nguzu si Monde Mutale, koma akazi awo onse akuwagwadira ngati kale. Kodi mungakhulupirire? Olemba ayenera kukonzekeratu tsiku lotere pomanga anthu ena m'nkhani kuti akhale olimba, sewero lisatsamire pa mzati umodzi. Wamkulu akachoka, womulowa m'malo azikhala munthu amene timamudziwa kale.

Wina anganene kuti kupha munthu m'nkhani kumataya zaka zambiri za ntchito, ndipo nthawi zina palibe kuchitira mwina. N'zoona. Andy Whitfield wa Spartacus anadwala khansa n'kumwalira mu 2011, ndipo Liam McIntyre anatenga malo ake. Oonera ambiri anamulandira chifukwa anauzidwa poyera zimene zinachitika.

Koma tisaiwale chimene chinayambitsa za Generations: ndalama. Osewera aja sanatope ndi ntchito, anafuna gawo lawo pa sewero limene linkapanga phindu ndi nkhope zawo. Opanga masewero kuno kwathu akafuna kupewa mutu wofuna Nguzu wachiwiri, ayambe ndi kulemba makontilakiti omveka ndi kulipira pa nthawi yake amene ali naye lero.