Nkhalamba Yoiwala Si Mfiti

Abale a ku Njewa, tidzaleka liti kuchula mfiti agogo athu amene nzeru zawathawa? Nkhalamba ikaiwala maina a ana ace, nituruka usiku, nipezeka mbandakuca pakhomo pa eni, anthu apfuula kuti agwira mfiti. Limeneli ndi bodza lakupha.

M'caka ca 1906 dotolo wa ku Germany, Alois Alzheimer, anapima bongo wa mai wina amene anafa ataiwala zonse, napeza kuti bongowo unafota ndi nthenda. Sanagwire nchito yekha. Mmodzi wa anzace ku Munich anali Solomon Carter Fuller, wakuda mnzathu wobadwira ku Liberia, amene m'1912 anabukitsa za nthendayi m'Cingerezi. Cimene iwo anaciona ndi maso, ife tidzacikana ndi mphekesera kodi?

Lamulo la 1911 liletsa kunenera munthu ufiti, koma m'2016 ku Neno anapha nkhalamba zinai pa cinenezo comweco.

Mankhwala ociritsa nthendayi sanapezeke, koma cisamaliro ciripo. Perekezani agogo ku cipatala, ku Namitete kapena ku Kabudula. Mudye nao, muwasunge. Ukalamba ulikudzera inunso.