Ayisikirimu ndi ma freezes si chakudya cha mwana, tisanamizane

Lero ena mukwiya nane, komabe ndiyankhula.

Sabata yatha kusikelo kunabwera mayi wina ndi mwana wa chaka ndi miyezi isanu ndi iwiri. Titayang'ana m'buku, sikelo yake inali isanakwere kwa miyezi itatu. Nditafunsa zomwe mwanayo amadya, mayi ake anati phala amakana, nsima amangoigwiragwira. Pamene tikukambirana, mwana ali kumsana akuyamwa freezes, lilime lili psuu. Bambo ake, omwe ndikuwayamikira chifukwa anaperekeza mkazi wawo, anati: "Anesi musadandaule. Tsiku la msika ndimamugulira ayisikirimu wa pakamtengo uja. Umene uja ndi mkaka, umapatsa mphamvu."

Maganizo amenewa ndawamva kambiri, pa Migowi, ku Chiringa ngakhale pa boma. Ndi olakwika, ndipo amene akulipira ndi ana.

Tiyambe ndi mphamvuyo. Mphamvu ya m'chakudya timaiyeza m'makalori. Ayisikirimu mmodzi wa pakamtengo wokutidwa ndi chokoleti kawirikawiri amakhala ndi makalori pakati pa 200 ndi 300. Apa bambo aja sananame, mphamvu ilimo. Koma ikuchokera kuti? Ku shuga ndi mafuta. Shuga yekha amakwana magalamu 20 kapena kuposa, kutanthauza timasupuni ta tiyi tisanu. Zomanga thupi ndi magalamu awiri kapena atatu basi. Ayironi wothandiza kuti magazi asachepe mulibemo woti n'kumuwerengera. Ndipo ayisikirimu wina wotchipa sapangidwa ndi mafuta a mkaka, amaikamo mafuta a zomera. Werengani papepala lake mudzionere nokha.

Tsopano yerekezani. Dzira limodzi lili ndi makalori pafupifupi 75, koma zomanga thupi magalamu 6, kuphatikizapo vitamini A. Mtedza wodzadza dzanja, magalamu 30, uli ndi makalori pafupifupi 170 ndi zomanga thupi magalamu 7. Chiponde chija timapereka kuchipatala kwa ana onyentchera chili ndi makalori 500 m'paketi imodzi, ndipo chimadzutsa mwana chifukwa makaloriwo amabwera limodzi ndi mtedza, mkaka, mavitamini ndi michere ya m'thupi. Nkhani si kuchuluka kwa makalori kokha. Nkhani ndi zomwe abwera nazo.

Nanga ma freezes? Ambiri ndi madzi, shuga ndi utoto. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere.

Vuto lalikulu ndi ili: mimba ya mwana ndi yaing'ono. Mwana wa chaka chimodzi mpaka ziwiri amakhuta ndi chakudya chokwana kapu imodzi. Akayamba wadya zozuna, njala imatha, phala lija alikana. Akazolowera kuzuna, phala la nsinjiro limamveka losakoma pakamwa pake. Ndiye mayi amati mwana wanga sadya, n'kumugulira freezes wina kuti asiye kulira. Mawa chimodzimodzi, mpaka sikelo kuima.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira m'zakudya asafike pa gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yomwe munthu amadya patsiku, ndipo n'kwabwino koposa kuchepetsanso ndi theka. Kwa munthu wamkulu, theka limenelo ndi timasupuni pafupifupi tisanu ndi kamodzi. Ayisikirimu mmodzi watsala pang'ono kumaliza muyezo wa munthu wamkulu, nanga kwa kamwana? Kwa ana osakwana zaka ziwiri malangizo ndi akuti asapatsidwe zakudya ndi zakumwa za shuga wambiri.

Izi sitikunenera ku dziko la ana onenepa. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira. Kupinimbira kumayamba m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo kumakhudza msinkhu ndi nzeru zomwe. M'mera mpoyamba. Pakadutsa apa n'kovuta kubweza.

Wina anena kuti shuga wa kuno amathiramo vitamini A. N'zoona. Koma anatero kuti supuni yomwe mumathira kale mu tiyi ikhale ndi phindu, osati kuti tiziwonjezera. Vitamini A yemweyo ali mu mbatata yofiira mkati, maungu, mapapaya, mango ndi bonongwe, ndipo izi sizibowola mano.

Wina anenanso kuti ndikuononga bizinesi ya azimayi anzanga. Ndikudziwa kuti ma freezes akulipirira ana ambiri sukulu. Sindikuti musiye. Ndikuti pangani ndi madzi owiritsa kapena othira kulorini, sambani m'manja ndi sopo, chepetsani shuga, ndipo a malambe kapena a zipatso zenizeni ndi abwinoko kuposa a utoto. Tisaiwale kolera wa 2022 ndi 2023, yemwe anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kuumitsa madzi mu filiji sikupha tizilombo tonse. Ndipo ayisikirimu amene anasungunuka magetsi atazima n'kuumanso musagule. Mudzamuzindikira ndi kupindika kwake komanso timiyala ta madzi oundana m'kati mwa pepala.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi kuona banja likugulitsa mazira, nandolo ndi mtedza wa pakhomo, ndalama yake n'kugulira mwana zozuna ndi tokhwasula tam'mapaketi. Tagulitsa chakudya n'kugula utoto. Abambo, musanalowe m'golosale, funsani kuti ndalama ya ayisikirimu mmodzi igula mazira angati, kapena matemba a ku Chilwa ochuluka bwanji. Chikondi chanu sindikuchikayika. Ndikungopempha kuti chidzere njira ina.

Nazi zoyenera kuchita:

Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi, bere lokha basi.

Kuyambira miyezi isanu ndi umodzi mpaka zaka ziwiri, pitirizani kuyamwitsa, ndipo phala likhale lolimbako, lothira nsinjiro, dzira, ufa wa matemba kapena masamba osinja. Ayisikirimu, ma freezes ndi zakumwa zozuna ayi.

Patsiku yesetsani magulu onse asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, masamba, zipatso ndi mafuta.

Ana okulirapo akhoza kudya ayisikirimu mwa apo ndi apo, pa Khirisimasi kapena paukwati, koma atadya kaye chakudya. Asaiwale kutsuka mano.

Mwana akalira panjira, m'patseni nthochi, mbatata yophika kapena papaya.

Ngati sikelo yaima miyezi iwiri, kapena mapazi ayamba kutupa, musadikire tsiku la sikelo. Pitani kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala msanga.

Banja lija tinagwirizana kuti mwezi uno ndalama ya tsiku la msika igule mazira, ndipo tidzaonananso pa sikelo ya mwezi wamawa. Tumizani uthengawu kwa abambo ndi agogo a kwanu, chifukwa nthawi zambiri ogula ndi iwowo.