MAI ROSE CHIBAMBO: PHUNGU AMENE ANAKANA KUKHALA CETE

Pa ndalama ya pepala ya K200, imene inatuluka m'caka ca 2012, pali nkhope ya Mai Rose Lomathinda Chibambo. Boma linacita bwino kuwapatsa ulemu umenewu. Koma nkhope yokha siphunzitsa munthu. Cofunika ndi kudziwa cimene maiyu anacita, ndi mtengo umene analipira.

Mai Chibambo anabadwira ku Kafukule, m'boma la Mzimba, m'caka ca 1928. M'caka ca 1952, ali ku Zomba kumene amuna ao anali pa nchito ya Boma, anaona kuti nkhani ya Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland inali kukambidwa ndi amuna okha-okha. Anayamba kusonkhanitsa amai anzao, ndipo pamenepo panaphuka bungwe la amai la Nyasaland African Congress. M'mwezi wa March 1959, Bwanamkubwa Robert Armitage atalamula kuti atsogoleri a Congress agwidwe, maiyu anamangidwa atangocira kumene, nalowa m'ndende ndi khanda m'manja. Mwanayo anamucha Gadi.

Masiku amenewo amai a maiko ena a mu Africa analinso kutsegula makomo otere. Ku Gold Coast, Mabel Dove anasankhidwa kukhala phungu m'caka ca 1954, ndipo m'caka ca 1960 dzikolo, litachedwa kale Ghana, linapatula mipando 10 ya amai m'Nyumba ya Malamulo. Kuno kunalibe mpando wopatulidwa. Pamene Malawi analandira ufulu m'caka ca 1964, Mai Chibambo, phungu wa Mzimba South, anali mai yekha m'Nyumbamo, ndiponso anali ndi udindo wa Parliamentary Secretary.

Kulimba mtima kwao kunaoneka koposa ufulu utabwera. Kutsutsa mtsamunda n'kobvuta, koma kudzudzula mtsogoleri wa cipani cako n'kobvuta kopambana. Nduna zinadandaula kwa Dr. Kamuzu Banda za tiki imene odwala anauzidwa kulipira ku cipatala, za Lipoti la Skinner limene linapweteka anchito a Boma Aciafirika, za kucedwa kupatsa eni dziko maudindo a Azungu, ndi za ubwenzi ndi Apwitikizi olamulira Mozambique. M'mwezi wa September 1964 Mai Chibambo anacotsedwa pa udindo pamodzi ndi Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi. Anaimirira m'Nyumba ya Malamulo nadziyankhira okha. Pambuyo pace anathawira ku Zambia, ndipo sanabwerere kwao kufikira 1994.

Ena adzati dziko lacicepere linafunika mau amodzi kuti lisapasuke. Anthu a boma la Mwanza akudziwa kumene njira yotere inakathera. M'mwezi wa May 1983 mitembo ya nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, ndi ya phungu David Chiwanga, inapezeka ku Thambani. Kunalengezedwa kuti inali ngozi ya galimoto, koma bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1994 linapeza kuti anacita kuphedwa. Nyumba imene inakana kumvera dandaulo m'caka ca 1964 inatsala yopanda wofunsa patapita zaka 19. Mutu umodzi susenza denga.

Mai Chibambo anamwalira m'mwezi wa January 2016, naikidwa ku Mzuzu. Nchito yotsala iri m'manja mwa aphunzitsi ndi anchito a Boma. Mphunzitsi wa ku Thambani kapena pa Boma la Mwanza asalekeze mbiriyi pa ndende ya 1959, koma afike nayo pa 1964, kuti atsikana ndi anyamata adziwe kuti phungu satumidwa kukaomba m'manja kokha. Wanchito wa Boma nayenso akumbukire kuti kulangiza akulu moona, ngakhale mau ali owawa, ndiko kukhulupirika kumene dziko lifuna kwa iye.