Musagule ka Wi-Fi ngati mukugula kabichi pa Lizulu

Amangwetu, sabata yathayi danga lino lidatsala pang'ono kutuluka loyera mbee, ndipo wolakwa si mkonzi ayi. Wolakwa ndi kachipangizo kakang'ono ngati chala cha mwana komwe ndidagula ndi ndalama zanga zomwe, maso ali gwa.

Kompyuta yomwe ndimalembera nkhanizi ndidachita kulumikiza ndekha. Chibokosi chake ndi cha kaunjika, bolodi ya m'kati ndidagula kwa mnyamata wina wokonza mafoni pa boma pano, hadi disiki adandipatsa msuweni wanga wa ku Joni. Imayaka bwinobwino koma ilibe Wi-Fi, monga alili makompyuta ambiri akale a patebulo. Nkhani ikatha ndimayamba ndayikopera m'foni ndi chingwe, kenako nkutumiza. Zidanditopetsa. Ndiye ndidakwera minibasi wa ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 160, kukagula adapter ya Wi-Fi yobaya pa USB.

"Bigi, tengani aka. Ndi katsopano, kamalowa paliponse," adatero wogulitsa.

"Paliponse, achimwene?"

"Paliponse madala. Mukangobaya basi."

Kufika kunyumba usiku, kubaya, zii! Kubaya bowo lina, zii! Nditayatsa tochi ndi kuwerenga timalemba ta m'mbali mwa katoni ndidapeza mawu akuti Windows 10 ndi 11. Yanga ndi Windows 7, yomwe eni ake a Microsoft adasiya kuisamala mu Januwale 2020. Akulu adati safunsa adadya phula. Ine ndidafunsa ndithu, koma ndidafunsa munthu wofuna ndalama yanga.

Nkhani yagona apa. Chipangizo chilichonse chimafuna kapulogalamu kokambirana ndi kompyuta, kotchedwa driver. Sindikunena dalaivala wa minibasi, ngakhale ntchito yake ndi yomweyo: popanda iye galimoto ingokhala pa depoti. Driver ameneyu sayendera dzina lolembedwa pa katoni koma kachipu kali m'kati, komwe kamapangidwa ndi makampani ochepa chabe monga Realtek, MediaTek, Intel ndi Qualcomm Atheros. Dzina la kunja limatha kukhala limodzi, m'kati muli zosiyana. Anthu a Linux amaidziwa bwino TL-WN722N ya TP-Link: mtundu wake woyamba unali ndi chipu cha Atheros AR9271, koma wachiwiri ndi wachitatu uli ndi cha Realtek. Dzina lomwelo, maonekedwe omwewo, driver wina. Nchifukwa chake muyenera kutembenuza katoni ndi kuyang'ana kachilembo ka V1, V2 kapena V3 pafupi ndi nambala, komanso mndandanda wa ma Windows omwe kachipangizoko kamamvana nawo. Musanachoke kunyumba lembani pa kapepala Windows yomwe muli nayo, ndi kuti ndi ya 32 kapena 64 bit.

Ena amati za USB nzachibwana, khadi yolowetsa m'kati mwa bokosi ndiye ya amuna. Pali chilungamo pang'ono, poti tinyanga take timakoka bwino. Koma tsegulani kaye bokosilo muone. Bowo lakale la PCI, lalitali ndipo kawirikawiri loyera, silimodzi ndi PCIe ya masiku ano. Khadi ya uku silowa uko ngakhale mutamenya ndi hamala. Ngati bokosi lanu ndi lija lopyapyala lochokera m'maofesi, khadiyo ibwere ndi kachitsulo kafupi komangira, apo ayi chivindikiro sichitsekeka. Ndipo ogula timakhadi ta Intel chenjerani: AX200 imagwira pa mabolodi osiyanasiyana, pomwe AX201 imafuna bolodi ya Intel yokonzedwera iyoyo. Kusiyana kwake ndi nambala imodzi yokha, koma ndi ulendo wina wa ku Lilongwe.

Manambala a liwiro olembedwa mokuza pa katoni, 600, 1300, atengeni ngati malonjezo a pa kampeni. Ife kuno intaneti timaitenga ku foni kapena ka MiFi kokhala ndi simu ya TNM kapena Airtel, ndipo liwiro limathera pomwe netiweki ya tsikulo yathera. Chofunika kudziwa ndi ichi: Wi-Fi imayenda pa misewu iwiri ikuluikulu, 2.4 GHz ndi 5 GHz. Wa 5 ndi wothamanga koma khoma la njerwa zootcha limaufoola msanga. Wa 2.4 ndi wodekha koma umafika patali. Tima adapter totchipa tambiri timamva 2.4 yokha, ndiye mukaika hotspot ya foni pa 5, kompyuta siiona nkomwe, inu nkumatukwana wogulitsa wosalakwa. Komanso musabaye kachipangizoka kumbuyo kwa bokosi lachitsulo lomwe lakankhidwira kukhoma pansi pa tebulo. Kachingwe kowonjezera ka USB, kokakweza pamwamba, kamathandiza kuposa kuonjezera ndalama.

Bambo wina wogulitsa kachewere wa ku Tsangano, yemwe tidakhala mpando umodzi pobwerera, ataona kakatoni kanga adafunsa kuti, "Ndiye mukagula kameneka, za bandulo mwathana nazo eti?" Ndidamuyankha kuti ayi bambo. Kameneka ndi khutu chabe, kamangomvera. Woyankhula ndi foni kapena rauta, ndipo ameneyo amadya bandulo monga mwa masiku onse. Musasokonezenso ndi dongle yolowetsa simu. Zimafanana nkhope koma ntchito nzosiyana. Bamboyo adangopukusa mutu nkunena kuti ana a masiku ano ndalama zimatiyabwa.

Mwina adalondola. Pajatu usiku umenewo, nkhani ikudikiridwa, ndidatenga chingwe chomwe chija ndimakoperera nkhani, kulumikiza foni ku kompyuta, kulowa mu Settings ndi kuyatsa USB tethering. Pasanathe mphindi ziwiri kompyuta inali pa intaneti, foni ikutchajanso pomwepo. Chingwe chomwe chakhala pa tebulo langa chaka chonse! Njira yomweyi ndi yomwe ingakupulumutseni mukagula adapter yofuna driver wa pa intaneti, pomwe intanetiyo mukuifuna kudzera mu adapter yomweyo, kapena akakupatsani ka CD pomwe kompyuta yanu ilibe polowetsa CD.

Anzanga ena akuti ndingokweza Windows basi. Koma nayo Windows 10 adasiya kuisamala mwa masiku onse mu Okutobala 2025, ndipo 11 siingalole bolodi yanga yokalambayi. Ndikuganiza zoyesa Linux mwezi wa mawa, ndikatsimikiza kaye kuti chipu chake ndi chiti.

Padakali pano ka adapter kanga katsopano kali m'chitini cha mabatani, katoni yake yosang'ambika. Amene ali ndi Windows 11 andipeze pa depoti Loweruka, tikambirana mtengo. Ya minibasi yokha ndiye ndaiwala kale.