Tatopa, Inde. Koma Tikakhala Pakhomo Apindula Ndani?

Abale ndi alongo a ku Mitande, Mandimba, Ngauma ndi Cuamba,

Masiku apitawa ndinali pa msonkhano pansi pa mtengo wa mango m'mudzi wina kufupi ndi njanji. Ndisanamalize n'komwe kufotokoza cimene ndadzera, agogo ena aamuna anakweza dzanja. Anati: "Mwana wanga, ine ndavota kasanu ndi kawiri. Cala canga ici cakhala cikulowa mu inki kuyambira 1994. Mjigo wathu ndi uwo, unafa zaka zitatu zapitazo. Tandiuza, ndikavoterenso ciani?" Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa anthu otopa. Ine ndinasowa cowayankha msanga.

Ndalemba kapepala aka kuti ndiwayankhe agogo aja, pamodzi ndi inu nonse amene mumaganiza ngati iwo. Sindikuuzani cipani coti muvotere, imeneyo si nchito yanga. Sindikunamizaninso kuti zinthu zili bwino.

KUDANDAULA KWANU N'KOONA

Munthu amene wanamizidwa kangapo akaleka kukhulupirira, sitinganene kuti ndi wopusa.

M'caka ca 2006 boma la a Armando Guebuza linayamba kupereka mametikali 7 miliyoni ku distritu iliyonse kuti anthu akongole, alime, ayambe malonda. Tonse tinazimva ndalama za "sete milhões". Koma dzifunseni m'mudzi mwanu: analandira ndani, ndipo anabweza ndani? Zambiri sizinabwerere m'thumba muja, ndipo mlimi wosadziwika kwa akuluakulu anangozimvera pa wailesi.

M'zaka za 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, Ematum, ProIndicus ndi MAM, anakongola pafupifupi madola 2 biliyoni, boma n'kuimira ngongolezo popanda cilolezo ca Nyumba ya Malamulo. Nkhaniyi itaululika bwino mu 2016, maiko otithandiza anaimitsa ndalama zawo, metikali inagwa, sopo, mcere ndi mafuta ophikira zinakwera mtengo. Mlimi wa ku Ngauma sanaone ndi boti limodzi lomwe mwa maboti amene anagulidwa ndi ndalamazo, koma ngongoleyo anailipira pa msika.

Mu 2018 malamulo akulu a dziko anasinthidwa, ndipo tinalonjezedwa kuti mu 2024 tidzasankha tokha otitsogolera m'madistritu. Mu 2023 lonjezolo linacotsedwa pa kalendala. A Administrador a distritu amabwerabe mwa kusankhidwa ndi akumwamba. Anthu a m'tauni ya Cuamba amasankha wowatsogolera kuyambira 1998, a m'tauni ya Mandimba kuyambira 2013, koma ife a ku Mitande sitinavoterepo munthu wolamulira pano pathu.

Ndipo zimene zinacitika pambuyo pa cisankho ca pa 9 Okutobala 2024 tonse tikuzikumbukira. Loya Elvino Dias ndi a Paulo Guambe anawomberedwa ku Maputo patangopita masiku khumi. CNE inalengeza kuti a Daniel Chapo apeza mavoti 70 pa 100 aliwonse. Pa 23 Disembala, Conselho Constitucional inatsitsa nambalayo kufika pa 65, n'kukweza ya a Venâncio Mondlane kufika pa 24. Mabungwe awiri a dziko limodzi, masamu awiri osiyana. Pa zionetsero zimene zinatsatira, bungwe la Plataforma Decide linawerenga anthu oposa 300 amene anataya moyo.

Ndiye wina akanena kuti watopa, ine sindimutsutsa.

NKHANI YA KWATHU

Ine ndinabadwira ku Malawi, makolo anga atathawa nkhondo. Tinabwerera kuno mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 utasainidwa ku Roma. Mayi anga amasimba kuti mu 1994 anadzuka nkhuku zisanalire, ine ndili kumbuyo, kukaima pa mzere. Caka cimeneco anthu pafupifupi 88 pa 100 aliwonse olembetsa anavota. Pofika 2004 ovota sanakwane 40 pa 100. Mu 2024 sanafike theka.

Mmodzi wa amene atopa ndi mng'ono wanga weniweni. Anamaliza kalasi ya 12, nchito sanaipeze, pano amanyamula anthu pa njinga yamoto. Mu Januwale 2025 anaponya khadi lake lovotera pa moto ine ndikuona. Anati: "Acimwene, inu mumadya za misonkhanoyi, ndiye mumalankhula. Ine ndimadya za mafuta a njinga." Mau amenewo anandiwawa cifukwa munali coonadi. Ndinakhala miyezi iwiri osapita ku msonkhano uliwonse, ndikudzifunsa ngati sindikunamiza anthu.

Cimene cinandibweza ndi funso limodzi: mng'ono wanga atawotcha khadi lija, analira ndani? Ku Maputo palibe amene anasowa tulo. Ku Lichinga palibe. Analuza ndi iye yekha.

AMASANGALALA NDANI MUKAKHALA PAKHOMO?

Ambiri timaganiza kuti kusavota ndi kulanga andale. Koma taganizani bwino.

Coyamba, mipando ya m'Nyumba ya Malamulo ilipo 250. Iwiri ndi ya anzathu okhala kunja, yotsalayo imagawidwa ku zigawo potengera kuculuka kwa anthu amene alembetsa. Anthu a ku Niassa tikapanda kulembetsa, mipando yathu imapita kwina. Mu 2019 ku Gaza kunalembetsedwa anthu pafupifupi 300,000 kuposa amene bungwe lowerenga anthu la INE linati alipo a msinkhu wovota, ndipo Gaza inapeza mipando yoonjezera. Kwina akulembetsa ndi anthu osaoneka omwe, ife amoyo tikukhala pakhonde.

Caciwiri, wofuna kuba mavoti amafuna malo opanda anthu. Dzina lanu likakhala m'kaundula koma inu osabwera, pamatsala pepala lopanda mwini ndi mzere wopanda cizindikiro. Mbava ya cimanga imakonda munda umene mwini wake analeka kuuyendera.

Cacitatu, wandale amawerenga. Akadziwa kuti mudzi uwu suvota, sabweranso ndi kudzanama komwe. Mjigo, buloko ya sukulu ndi mlatho zimapita kumene kuli anthu amene angamucotse pa mpando.

KODI MAU A ANTHU WAMBA ANASINTHAPO KANTHU?

Inde, ndipo zina zinacitikira pakhomo pathu pomwe.

Mukukumbukira ProSavana? Inali pulogalamu ya maboma a Moçambique, Brasil ndi Japan ya ulimi waukulu m'mbali mwa njanji ya ku Nacala, ndipo Cuamba ndi Mandimba zinali m'katimo. Alimi anaopa kuti minda yawo ipita. Bungwe la alimi la UNAC ndi mabungwe ena anafunsa, analemba makalata, anakana, kwa zaka zambiri. Mu 2020 pulogalamuyo inathetsedwa. Sanagwire mfuti. Anangokana kutopa.

Nkhani ya ngongole zobisika ija sinafere m'madzi. Malamulo akulu a dziko amalola nzika 2,000 kusaina ndi kukadandaula ku Conselho Constitucional. Mabungwe a Fórum de Monitoria do Orçamento anasonkhanitsa masaini amenewo, ndipo mu 2019 khotilo linagamula kuti ngongole ya Ematum inali yosatsata malamulo. Mu Disembala 2022 khoti la ku Maputo linagamula kuti Ndambi Guebuza, mwana wa Pulezidenti wakale, akhale m'ndende zaka 12. Mu 2024 amene anali nduna ya zacuma, a Manuel Chang, anapezeka wolakwa ku New York. Ndalama zonse sizinabwerere, ndipo si onse amene anayankha mlandu. Koma ndani mu 2013 akadakhulupirira kuti mwana wa Pulezidenti angavale za akaidi?

Tayang'ananinso kutsidya kwa malire, kwa abale athu amene timagulitsana nawo nyemba ndi nsomba pa Chiponde. Cisankho cawo ca 2019 cinadzaza ndi mapepala ofufutidwa ndi Tippex. Anapita ku khoti ndi umboni, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 khoti linacithetsa. Anavotanso mu Juni n'kuika a Lazarus Chakwera. Zinthu zitawavuta, mu Seputembala 2025 anthu omwewo anawacotsa n'kubwezera a Peter Mutharika. Kodi umphawi ku Malawi unatha? Ai. Koma mtsogoleri aliyense kumeneko tsopano akudziwa kuti mpando ndi wobwereka. Umboni umene anapambana nawo ku khoti unali mapepala a zotsatira ocokera m'malo ovotera, amene anthu wamba anawasunga.

Ndiponso tisakhale anthu osayamika. Njanji ya Cuamba–Lichinga yodutsa pano pa Mitande inakonzedwa n'kutsegulidwanso mu 2016. Msewu wa Cuamba–Mandimba–Lichinga, umene unkatidyera masiku nthawi ya dzinja, unaikidwa phula. Koma zimenezi si mphatso ya munthu. Msewuwo unamangidwa ndi ndalama za misonkho ndi ngongole zimene ife ndi ana athu tidzabweza. Tikhoza kuyamikira msewu, n'kufunsabe za mjigo.

VOTI NDI TSIKU LIMODZI, KULONDOLA NDI ZAKA ZISANU

Apa ndi pamene ndikuona kuti ifenso tinalakwitsa, ife a mabungwe oyambirira. Tinkabwera mwezi umodzi cisankho cisanacitike, kuphunzitsa anthu kupinda pepala ndi kuika cala, kenako n'kusowa zaka zisanu. Tinaphunzitsa anthu kubzala, osawaphunzitsa kupalira.

Mlimi wa fodya kapena thonje amadziwa kuti nchito siithera pa kubzala. Amapalira, amathira mankhwala, ndipo tsiku logulitsa amaima pafupi ndi sikelo kuti aone ndi maso ake. Voti nayo ndi cimodzimodzi. Amene mwamusankha muyenera kumuimira pa sikelo.

Njira zake zilipo, kungoti zambiri zinagona. Malamulo a 2003 ndi 2005 anakhazikitsa ma Conselho Consultivo pa distritu, pa posto ndi pa localidade, kuti anthu a m'midzi azinena zofunika kuyamba. Pa sukulu iliyonse payenera kukhala Conselho de Escola, momwe makolo ali ndi mipando, ndipo ali ndi ufulu wodziwa kuti ndalama za ADE zafika zingati ndipo zagula ciani. Lamulo la malo la 1997 linati munthu wakunja asanapatsidwe malo, anthu a m'deralo afunsidwe. Lamulo la 2014 la ufulu wodziwa zinthu linatipatsa mphamvu yopempha ofesi ya boma kuti itionetse mapepala a nchito za anthu.

M'mudzi wina umene ndimayendako, amayi asanu ndi mmodzi anagula kope la ana asukulu. Wandale aliyense akabwera, amalemba tsiku, dzina lake ndi cimene walonjeza. Pa msonkhano wa pa localidade mayi wina anaimirira n'kuwerenga kopelo mokweza, mwaulemu, osatukwana munthu. Akuluakulu anayamba kuyang'ana pansi. Malonjezo anali asanu ndi awiri. Lakwaniritsidwa limodzi lokha, denga la sukulu. Limodzi n'locepa, koma ana a m'mudzi umenewo dzinja lino sanyowa.

ZOTI TICITE

Potsata kalendala ya zaka zisanu, cisankho ca m'matauni cikubwera mu 2028, ca Pulezidenti, aphungu ndi zigawo mu 2029. Musati ndi kutali. Nkhanga zinapangana kusanapse.

1. A STAE akadzabwera kudzalemba maina, kalembetseni, ndipo mutenge mnyamata kapena mtsikana aliyense amene akukwanitsa zaka 18. Kaundula akapacikidwa, kaoneni ngati dzina lanu lilimo.

2. Khadi lanu musapereke kwa munthu aliyense, kaya ndi wa cipani, kaya ndi mfumu, kaya ndi abwana a kunchito. Nambala yakenso musalembetse kwa munthu wokulonjezani thandizo.

3. Nsalu, malaya ndi kapu za kampeni zimatha ndi sopo. Mukalandira, dziwani kuti simunagulitse kanthu. M'kacipinda kovotera mumakhala nokha, ndipo voti yanu ndi cinsinsi canu.

4. Inu odziwa kulemba ndi kuwerenga, dziperekeni kukhala oyang'anira cisankho kudzera m'mabungwe ovomerezeka, kapena nthumwi za cipani cimene mumacikonda. Mavoti amawerengedwa pamalo pomwe mwavotera, ndipo zotsatira zimapacikidwa pa pepala lochedwa edital. Liwerengeni, lembani manambala ake, musunge.

5. Gulani kope. Lembani malonjezo. Pitani nalo ku misonkhano ya pa localidade ndi ya pa sukulu. Musapite nokha, pakuti cala cimodzi siciswa nsabwe.

6. Mnzanu wa cipani cina si mdani wanu. Maliro akagwa, ndi yemweyo adzakumba nanu manda. Makolo athu anaona kumene udani wa ndale umafikitsa, ndipo ena a ife tinabadwira ku ukapolo wa kuthawa cifukwa ca zimenezo.

KWA AGOGO AJA

Agogo, sindingakulonjezeni kuti mukadzavota kacisanu ndi citatu mjigo udzatuluka madzi. Ndikatero ndikhala ngati omwe anakunamizani aja. Cimene ndikudziwa n'cakuti mukakhala pakhomo, cisankho cidzacitikabe, wina adzakhalabe pa mpando, ndipo adzalamulira inu ndi adzukulu anu popanda kukufunsani.

Sabata yamawa ndibwera ndi pepala ndi colembera. Tidzalembe kalata ya mjigo uja, mudzi wonse usaine, tikaipereke ku posto, ife n'kusunga ina yodindidwa. Akapanda kuyankha tidzapitanso. Mng'ono wanga wavomera kutinyamula pa njinga yake. Za khadi sanandiyankhebe, ndipo ine sindinaleke kumufunsa.