Ndani anapatsa Kayafa mpando?

Chaka chilichonse pa Lachisanu Loyera timaonera sewero lomwe lija. Wina amavala mkanjo n'kukhala Kayafa, wina amasamba m'manja n'kukhala Pilato, ndipo gulu la achinyamata limakuwa kuti munthuyo apachikidwe. Pobwerera kunyumba ena amangoti Yesu anaphedwa ndi Ayuda, ngati kuti mtundu wonse unakhala pansi n'kuvota. Koma sindinamvepo munthu akufunsa kuti Kayafa anaupeza bwanji mpando wa mkulu wa ansembe. Anamuika ndi bwanamkubwa wachiroma, Valerius Gratus, cha mu 18 AD. Mpando wopatulika koposa pakati pa Ayuda unali utasanduka mphatso ya andale, ndipo ine ndikuona kuti amene anazika chizolowezi chimenechi ndi banja lomwe linamenyera ufulu wa dzikolo.

Ambiri a ife timalumpha kuchoka pa Malaki kupita pa Mateyu osadziwa zomwe zinachitika m'zaka pafupifupi 400 za pakatipo. Akatolika ali ndi mwayi chifukwa Baibulo lawo lili ndi mabuku a Amakabeo, ndipo zina zinalembedwa ndi Josephus, Myuda wolemba mbiri.

Nkhani yake inayamba bwino. Mfumu yachigiriki ya ku Siriya, Antiochus IV, inkagulitsa ukulu wa ansembe kwa wopereka ndalama zambiri, ndipo mu 167 BC inadetsa Kachisi wa ku Yerusalemu n'kuletsa chipembedzo cha Ayuda. Wansembe wa m'mudzi wa Modein, Mattathias, anathawira kumapiri ndi ana ake asanu n'kuyamba nkhondo. Mu 164 BC mwana wake Judas Maccabeus anayeretsa Kachisi, ndipo Ayuda amakumbukirabe zimenezi pa chikondwerero cha Hanukkah. Banja limeneli limadziwika kuti Ahasimoni. Kulimba mtima kwawo sindikukutsutsa.

Vuto linabwera nkhondo itayamba kupindula. Mu 152 BC Jonathan, m'bale wake wa Judas, analandira ukulu wa ansembe kuchokera kwa Alexander Balas, yemwe ankalimbirana ufumu wa Siriya ndipo ankafuna omuthandiza. Anthu amene anaukira mfumu yachilendo chifukwa cholowerera za m'Kachisi analandira udindo wa m'Kachisi kuchokera m'manja achilendo omwewo. Kuyambira pamenepo unsembe, asilikali ndi chuma cha dziko zinalowa m'nyumba imodzi.

Taonani zomwe zidzukulu zinachita nazo. John Hyrcanus, yemwe analamulira kuyambira 134 mpaka 104 BC, anagwetsa kachisi wa Asamariya paphiri la Gerizimu, chinthu chomwe chinakulitsa chidani chimene timachipeza m'Uthenga Wabwino. Anagonjetsanso Aidumeya n'kuwakakamiza kuchita mdulidwe. Banja lomwe linakana kukakamizidwa chipembedzo linayamba kukakamiza anzawo. Mwana wake Alexander Jannaeus anali mfumu komanso mkulu wa ansembe. Tsiku lina anthu anamugenda ndi zipatso zonga mandimu ali paguwa la nsembe, ndipo pambuyo pa nkhondo yapachiweniweni anapachika Ayuda anzake 800, malinga ndi Josephus. Mtanda unafika m'Yerusalemu Aroma asanayambe kulamulira.

Mfumukazi Salome Alexandra itamwalira mu 67 BC, ana ake awiri, Hyrcanus II ndi Aristobulus II, anayamba kulimbirana mpando. Onse anapita ku Damasiko kukadandaula kwa mkulu wa asilikali a Roma, Pompey. Kunafikanso gulu lachitatu la Ayuda lomwe linapempha kuti ufumu ungothetsedwa, chifukwa anthu anali atatopa ndi banjali. Mu 63 BC Pompey analanda Yerusalemu n'kulowa m'Malo Opatulikitsa. Ufulu womwe makolo anaufera unatha chifukwa abale awiri analephera kusiyirana mpando.

Amene anapindula anali Antipater, mlangizi wa Hyrcanus II, wochokera kwa Aidumeya aja. Mwana wake ndiye Herode, yemwe Aroma anamutcha mfumu mu 40 BC ndipo analanda Yerusalemu mu 37 BC. Herode anakwatira Mariamne wa banja la Ahasimoni kuti anthu amuvomereze. Kenako anamizitsa mlamu wake wachinyamata m'dziwe ku Yeriko, atangomupatsa ukulu wa ansembe, chifukwa anthu ankamukonda. Anaphanso Mariamne yemweyo ndi ana awiri omwe anabereka naye. Iye sakanatha kukhala wansembe, choncho ankaika ndi kuchotsa akulu a ansembe monga wafunira, ndipo zovala zawo zopatulika ankazitsekera m'linga lake. Aroma atachotsa mwana wake Archelaus mu 6 AD, anangotola makiyi n'kupitiriza. Kayafa ankachita kupatsidwa zovala zake ndi asilikali chikondwerero chikayandikira.

Wina anganene kuti Aroma akanabwerabe, popeza Pompey anali atalanda kale Siriya mu 64 BC. Ndikuvomereza kuti dziko laling'ono ngati Yudeya silikanalimba mpaka kalekale. Komabe Aroma anapeza ntchito itachepa. Kukanakhala kuti unsembe unali woima pawokha, kugonjetsa mfumu sikukanatanthauza kugwira Kachisi. Winanso anganene kuti popanda Ahasimoni chipembedzo cha Ayuda chikanatha, ndipo mwina n'zoona. Koma kupulumutsa chinthu sikukupatsa umwini wake, ndipo ngongole yomwe anthu anali nayo kwa Judas sinali chilolezo choti Jannaeus awapachike.

Tikadziwa izi, Uthenga Wabwino umamveka mwina. Funso la msonkho wa Kaisara linali msampha weniweni, chifukwa mu 6 AD Yudasi wa ku Galileya anatsogolera zipolowe zokana kalembera wa msonkho. Herode Antipa anapha Yohane Mbatizi, ndipo Josephus akuti chifukwa chake chinali mantha oti khamu lomutsatira lingaukire. Kayafa anakhala pampando zaka pafupifupi 18, khumi mwa izo pamodzi ndi Pilato, ndipo munthu sakhalitsa chotero pampando wopatsidwa ngati sakusangalatsa womupatsayo. Mlaliki wokoka anthu pa Paska, wolankhula za ufumu wina, anali chiopsezo kwa kagulu komwe udindo wake unkadalira bata. Yesu, amayi ake ndi ophunzira ake onse anali Ayuda, ndipo mtanda wa tsikulo unali wa Aroma. Kuloza chala mtundu wonse ndi ulesi, komanso kwaphetsa Ayuda ambiri m'mbiri ya dziko lapansi.

Ife amene tikuphunzira zamalamulo, zandale kapena zaumulungu tisamayeze omenyera ufulu ndi nkhondo zomwe anapambana zokha. Tiziyang'ananso zomwe anachita ndi maudindo omwe anayenera kuwadzudzula iwo eni. Ahasimoni anaika guwa ndi mpando wachifumu m'thumba limodzi poganiza kuti lidzakhala la banja lawo mpaka muyaya. Linakathera kwa Herode, kenako kwa Pilato. Sewero lija likadzabweranso, mnzathu wovala mkanjo wa Kayafa timufunse kuti anamuveka ndani.