Nanga Rock Iyi Anyamata Athu a ku Mfuwe Aitola Kuti?

Mumudziwa. Ngati simumudziwa iye, mudziwa mnzake. Ni uja mnyamata amene masana atsuka mbale m'khitchini ya loji ina m'mbali mwa Luangwa, madzulo mumupeza kuseli kwa nyumba ku Cropping na gitala ya zingwe zisanu, chifukwa chachisanu ndi chimodzi chinaduka kale ndipo kuti apeze china afunika kutuma munthu wopita ku Chipata. Mnzake ni mwana wa abusa. Pa Sondo aliza madramu ku tchalitchi mwaulemu wonse, koma pakati pa sabata akatenga makiyi ati tikakonzekere nyimbo za pa Sondo, zimene zimveka m'chipindamo si aleluya iyayi. Wachitatu ni mtsikana amene anamaliza Grade 12 chaka chatha, akali kuyembekeza malo ku koleji, ndipo ali na mawu oti akakuwa, anyani mumtengo aleka kudya.

Ana awa anakula akumva Yo Maps, Macky 2 na Chef 187 mu basi iliyonse. M'mabala muno mulira amapiano mpaka tambala. Manje n'chifukwa chiyani akangogwira gitala, chinthu choyamba chimene afuna ni phokoso la rock?

Tisanamizane, si achinyamata onse. Ambiri ofuna kuimba masiku ano apita kwa mnzawo wa laputopu, agula biti, aikapo mawu, mawa nyimbo ili pa WhatsApp. Apa tikamba za kagulu kochepa kamene kafuna kugwira choimbira na manja. Kagulu aka ndiye kapendekera ku rock, ndipo chifukwa choyamba sichovuta kumva: rock ikhululuka.

Yesani kuphunzira gitala ya rhumba ya ku Congo muone. Chala chilichonse chili na nchito yake, nyimbo ikafika pa sebene mufunika liwiro limene munthu alipeza patapita zaka, ndipo mukaphonya kamodzi chabe wovina aliyense atembenuka kukuyang'anani. Kalindula nayo anthu aiona monga yapafupi, koma funsani aliyense amene anayesapo kugwira bezi yake kwa mphindi khumi osapumula. Rock yoyambira ifuna zala ziwiri kapena zitatu pa zingwe zazikulu za pamwamba. Osasintha kagwiridwe, mungoyendetsa dzanja kukwera na kutsika pa khosi la gitala. Sabata ziwiri, nyimbo yatuluka. Kwa mnyamata amene alibe mphunzitsi, amene aphunzira pa YouTube bando ikakhalapo, kusiyana kumeneku ni kwakukulu. Munthu akaona kuti chinthu chiyenda, sachisiya.

Ndiye pali nkhani ya zipangizo. Sipika yong'ambika mu rhumba ni manyazi. Mu rock ni sitayelo. Izi si nthabwala: mu 1964 Dave Davies wa gulu la The Kinks ku London anacheka sipika yake na lezala dala kuti gitala imveke yokhadzula, ndipo kulira kumeneko ndiye kunatchukitsa nyimbo yawo ya You Really Got Me. Manje ganizani mnyamata wa ku Masumba amene ampu yake ni wailesi yakale yolumikizidwa ku batire ya sola. Mtundu wina uliwonse wa nyimbo umuuza kuti zida zako n'zosakwanira, dikira ukapeze ndalama. Rock imuuza kuti kweza voliyumu.

Koma chimene ine ndiona kuti ndicho chenicheni n'chakuti rock mu Zambia si mlendo. Amene mumati ana atengera za azungu, mwaiwala mbiri yanu kapena simunauzidwe.

M'zaka za m'ma 1970, anyamata a ku Kitwe, Ndola na Lusaka anamvera Jimi Hendrix, Rolling Stones na James Brown, amene anafika ndithu kudzaimba mu Zambia mu 1970. Anatenga gitala yokhadzula ija n'kuisakaniza na kagundidwe ka ng'oma za kwathu, n'kupanga chimene dziko lonse manje litchula kuti Zamrock. Rikki Ililonga na Musi-O-Tunya. WITCH ya Emmanuel Chanda, amene dzina lakuti Jagari linachokera kwa Mick Jagger chifukwa cha mmene anali kudumphira pa siteji. Amanaz ya ku Kitwe na chimbale chawo Africa cha 1975. Keith Mlevhu. Ndipo koposa onse kwa ise olankhula Chinyanja, Paul Ngozi na Ngozi Family, munthu amene anali kuliza gitala na mano koma mawu ake akukamba za umoyo wa m'komboni m'chilankhulo chimene amayi ogulitsa pa msika anali kumva. Ba Kaunda, amene nawonso anali kuliza gitala, analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za mu Zambia. Mwadzidzidzi wailesi inali na njala ya nyimbo, ndipo makampani monga Teal na Zambia Music Parlour anali kufunafuna magulu oti ajambule.

Ana a lero sanamve izi kwa makolo awo. Anazimva pa foni, ndipo zinabwerera kudzera kunja, chinthu chimene chiyenera kutichititsako manyazi pang'ono. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles ndiyo inasonkhanitsa zimbale za WITCH n'kuzitulutsanso mu 2012. Mu 2022 Sampa the Great anatulutsa Never Forget pamodzi na Chef 187, Tio Nason na Mwanjé, nyimbo yolemekeza Zamrock imene inamvekanso pa kanema wolengeza filimu ya Black Panther: Wakanda Forever. Mu 2023 Travis Scott anatenga kachidutswa ka Amanaz n'kuika mu nyimbo yake Sirens, ndipo chaka chomwecho WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango, ba Jagari ali na zaka zopitirira 70. Ndiye mu Okutobala 2024 Tyler, the Creator anatulutsa Noid, ndipo pakati pa nyimbo ya munthu wa ku America munamveka Chinyanja, mawu a Paul Ngozi ochokera mu Nizakupanga Ngozi ya pa chimbale cha 45,000 Volts cha 1977. Mwana wa ku Jumbe amene anamva zimenezo pa TikTok sanafunike womasulira. Anzake a ku New York ndiwo anali kufunsa tanthauzo.

Muganiza chinthu chotere chichita chiyani mu mtima wa mwana wa zaka 19? Chimuuza kuti phokoso limene apanga kuseli kwa nyumba lili na agogo ake.

Apa pomwe ndiye nkhani ivutira. Zamrock sinafe chifukwa anthu anatopa nayo chabe. Mtengo wa kopa unagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zogulira zimbale na matikiti zinatha. Asilikali a Rhodesia atayamba kuponya mabomba mu Zambia mu 1978, kunabwera lamulo loletsa kuyenda usiku na kuzimitsa malaiti, ndipo bandi imene idya usiku inasowa kolowera. Disko na makaseti okopera zinatenga malo. Edzi inamaliza otsala. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Ba Jagari, amene anatsala yekha pa amene anayambitsa WITCH, anakaphunzitsa sukulu, pambuyo pake n'kumakumba miyala ya mtengo wapatali m'thengo kuti adyetse banja. Bandi ikhala na moyo ngati pali malo oimbira na munthu wolipira pa khomo. Zikachoka ziwiri izi, luso lokha silidyetsa munthu.

Manje yang'anani kuno ku Malambo. Ndalama zili ku maloji, koma loji igulitsa bata. Mlendo walipira madola ambiri kuti amve mvuu na fisi usiku, osati mwana wa abusa akumenya madramu monga ali na mlandu nawo. Loji ikafuna zosangalatsa alendo, iitana kwaya kapena gulu la magule, ndipo palibe cholakwa pamenepo, koma gitala ya magetsi ilibe mpando. Mwini bala naye awerenga: anthu anayi ofuna chakudya, transipoti na malipiro, kapena DJ mmodzi na fulashi yake. Mudziwa amene apambana. Onjezani malaiti, amene chilala cha 2024 chitaphwetsa Kariba anali kubwera monga mlendo wosalonjeza. Onjezaninso lamulo lathu la usiku limene silinalembedwe na boma: mango akayamba kupsa, njovu zili m'midzi, ndipo palibe kholo lilola mwana kuyenda pa njinga 23 koloko na gitala kumsana.

Chimene chinditopetsa ine ni kuona kagulu kotere kakutha miyezi itatu kuphunzira nyimbo za Nirvana, mtsikana uja akupotoza lilime kuti amveke monga anabadwira ku Seattle. Poyambira n'zabwino, onse anayamba mokopera, ba Jagari omwe. Koma Tyler sanapite kukafuna munthu woimba monga Hendrix. Ku America aliko ambiri. Anatenga Paul Ngozi chifukwa cha chimene ku America kulibe. Kuno kuli Chikunda chimene simuchimva pa mawailesi a ku Lusaka, kuli ng'oma za pa Malaila kwa ba Nsefu, kuli nkhani zimene palibe anaziimbapo na gitala yokhadzula: munda wa chimanga wotha usiku umodzi, thonje logulidwa pa mtengo wochititsa misozi, nchito ya loji imene itha mvula ikagwa. Ndipo amene wayamba kulemba zake, adziwe kuti kuli ZAMCOPS yolembetsako nyimbo. Ambiri a Zamrock ndalama zakunja zinafika iwo ali kale m'manda.

Novembala ikafika makampu a m'thengo atseka, mnyamata wa m'khitchini abwerera kumudzi kukalima, ndipo mtsikana uja mwina dzina lake lituluka ku koleji ku Chipata. Mwana wa abusa atsala yekha na makiyi. Akuti wayamba kale kuphunzitsa mng'ono wake bezi.